Mfuti ya Atsibweni Sinafike ku Burma

Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mfuti yakale iliyonse ili ndi nkhani yake, ndipo nkhanizo zimakonda kuthera ku nkhondo. Mukafunsa mwini wake, kapena amene anasiyiridwa, adzakuuzani kuti inabwera ndi agogo pochokera ku Keyala. Wina amati yawo inathamangitsa Ajeremani ku Karonga mu 1914, wina amati inawoloka nyanja yamchere kukafika ku Burma. Sindinamvepo munthu akudzitama kuti yathuyi tinangogula kwa bwana wa pa esiteti ya fodya amene ankalongedza katundu kubwerera kwawo. Nkhani yotero siikoma pa bwalo.

Ya kwathu ku Mvera inali ya atsibweni. Inkakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, yokulungidwa m'chiguduli cha bulangeti, ndipo ife ana tinkaiona pokhapokha chimanga chikayamba kukhwima, nthawi imene anyani amatsika m'mapiri kudzakolola zimene sanalime. Atsibweni ankapita nayo ku chilindo m'bandakucha. Tili pa mphasa tinkamva yalira kamodzi, kenako kukuwa kwa anyani akukwera phiri. Tonse tinakula tikudziwa kuti imeneyi ndi mfuti imene agogo, bambo awo a atsibweni ndi amayi, anamenyera nkhondo ya Hitler. Agogowo analidi msilikali wa Keyala, kutanthauza King's African Rifles, mamendulo awo alipo mpaka lero m'kachitini. Asilikali a Nyasaland anafikadi ku Burma mu 1944, ali m'gulu la 11th East African Division, natsika chigwa cha Kabaw mvula ili mkati, malungo akugwetsa anthu. Panalibe chifukwa chokayikira.

Atsibweni atatisiya, akuluakulu pogawa katundu anati mfuti ipite kwa ine mphwawo. Koma mfuti si khasu. Lamulo la mfuti la dziko lino, la 1967, limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso cha dzina lake, ndipo chiphaso cha malemu sichiyenda ndi chuma cha masiye. Pofufuza m'sutikesi mwawo ndinapeza mapepala akale a laisensi, ofiira ndi ukalamba, ndipo pa mzere wa mtundu wa mfuti panalembedwa kuti ndi chifefe cha .410. Apa mpamene mutu unandiima. Msilikali sapita ku nkhondo ndi chifefe chotere, mfuti yomwaza machaka yophera nkhanga. Mfuti ya Keyala inali ya 303, ya chipolopolo chimodzi chofika kutali. Kapena wolemba pepalalo anasokoneza, kapena pali china chimene banja lonse silinachione.

Mwayi wokhala ku Mvera ndi wakuti anthu odziwa mfuti sasowa. Pano pali kampu ya asilikali ya Support Battalion, ndipo ambiri akapuma ntchito amamanga nyumba zawo chakufupi nakhazikika. Ndinakapempha mkulu wina amene anagwirapo ntchito kosungira zida, amene aliyense amangomutcha a Sajeni, kuti adzaione kunyumba. Anafika madzulo, nakhala pakhonde, ndipo nditawapatsa sanayang'ane n'komwe zolembedwa. Anailozetsa pansi kutali ndi miyendo yathu, nakoka chitsulo cholowetsera chipolopolo chimene iwo amati bolt, nasuzumira mkati, kenako nalowetsamo chala.

"Aphunzitsi," anatero, "mfuti imene mwauzidwa kuti mulibe kanthu ndi imene imapha anthu pakhomo. Tsopano bweretsani kansalu, mafuta a makina osokera ndi tochi."

Tinayambira pa chitsulo chimene chimazungulira mfuti pamene mtengo wogunda paphewa umalumikizana ndi thupi lake, kudzanja lamanja. Dzimbiri ndi thukuta la zaka zambiri zitachoka, panaoneka chisoti chachifumu. Pansi pake G.R., kenako B.S.A. Co., kenako 1917, ndipo m'munsi mwenimweni Sht L.E. III ndi kanyenyezi. Zilembo zochepazi zinatiuza zambiri. G.R. ndi chidule cha dzina la mfumu, amene mu 1917 anali George V. B.S.A. ndi kampani ya Birmingham Small Arms ya ku England, yomweyo imene akuluakulu amaikumbukira ndi njinga zakapalasa. Sht L.E. ikuimira Short Magazine Lee-Enfield, mfuti ya zipolopolo 10 imene mtundu wake wa Mark III unalowa m'gulu lankhondo la Britain mu 1907. Kanyenyezi kaja kakusonyeza mtundu wa nthawi ya nkhondo yoyamba, pamene anachotsako tizigawo tina tosafunikira kwenikweni kuti mafakitale azitulutsa zambiri mwamsanga.

A Sajeni anali ndi njira yawo yodziwira kwawo kwa mfuti, yoyamba n'kuchotsa kumene siinachokere. Ikanakhala ya ku India, ya fakitale ya Ishapore kufupi ndi Calcutta, zilembo zikanakhala G.R.I. Ikanakhala ya ku Australia pakanalembedwa Lithgow. Ikanadutsa m'manja mwa asilikali a ku South Africa tikanapeza U wokhala ndi kamuvi mkati. Ndipo ikanakhala ya mtundu wa pambuyo pake, No. 4 ya mu nkhondo yachiwiri, tikanafunafuna dzina la Fazakerley, Maltby, Long Branch ya ku Canada, kapena mawu akuti U.S. PROPERTY a zimene zinapangidwa ndi kampani ya Savage ku America. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinalipo. Yathu inabadwira ku Birmingham basi.

Kenako anandionetsa kachidindo kena kamene ndikanakaphonya: timivi tiwiri togundana nsonga. Muvi umodzi wotambalala ndi chizindikiro chakalekale cha katundu wa boma la Britain. Ikakhala iwiri yoyang'anana, ndiye kuti boma linagulitsa chinthucho, sichilinso chake. Msilikali pomaliza nkhondo ankabweza mfuti kosungira zida, nambala yake n'kuchongedwa m'buku, iye n'kubwera kumudzi ndi mamendulo, zovala za khaki ndi kandalama kothokoza. Mfuti yokhala ndi timivi tiwiri siinatuluke mobisa m'chikwama cha munthu. Inatuluka pachipata, ndi risiti.

Manambala nawo anali ndi zonena. Nambala ya pa thupi la mfuti ndi ya pa chogwirira cha bolt zinali zosiyana, ndipo a Sajeni sanadabwe nazo. Anati mfuti ya boma ili ngati njinga ya kabaza: felemu ndi ya kuno, mawilo ndi a uko, chishalo chinachoka pa ina imene inafa, koma ikuyenda. Atamasula mosamala kamtengo kophimba paipi pamwamba, kufupi ndi pamene paipiyo imalowa m'thupi, tinapeza kanambala kena: '42. Thupi ndi la 1917, paipi ndi ya 1942. Ndiye kuti nkhondo yachiwiri ili mkati, mfuti ya zaka 25 inabwezedwa kwa amisiri a boma, naichotsa paipi yotha naikamo yatsopano.

Kusintha paipi sikunali chachilendo m'banja la mfuti zimenezi, ndiko kunazipatsa ngakhale dzina. Yoyamba, ya 1888, chaka chimodzi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok asanamange msasa pano pa Mvera m'dziko la mfumu Chiwere, inkatchedwa Lee-Metford: makina ake a James Paris Lee, tingalande ta mkati mwa paipi ta William Metford. Tingalande timeneti ndi timene timazungulitsa chipolopolo kuti chiziyenda molunjika. Ta Metford tinali tosazama, toyenerana ndi wonga wakuda wakale. Atasintha n'kuyamba wonga wotentha kwambiri wa cordite, tingalandeto tinkatha msanga, choncho mu 1895 fakitale ya Enfield inabweretsa tozama, tisanu, ndipo dzina linasanduka Lee-Enfield. Ngakhale mfuti za Martini-Henry zakale zinaikidwa mapaipi atsopano a 303 m'malo mozitaya. Boma limene linkalamulira gawo lalikulu la dziko lapansi linali louma manja pa chitsulo, mwina n'chifukwa chake linalemera.

Tsopano tinafika pa funso langa lenileni. A Sajeni anachotseratu bolt, nalozetsa paipi kumene dzuwa limalowera, nati ndisuzumire kuchokera kumbuyo. Ndinaona kuwala kozungulira ndi khoma losalala kuyambira kuno mpaka uko. Panalibe ngalande ngakhale imodzi.

"Mwaona tingati?"

"Palibe, a Sajeni."

"Ndiye pepala lija silinaname. Iyi inali 303, koma anaiboola."

Paipi ya 303 mkati mwake ndi yotambalala mamilimita pafupifupi 7.7. Ya .410 ndi mamilimita pafupifupi 10.4. Wina anakuza bowolo mpaka tingalande tonse tinatha, nakonzanso malo okhala chipolopolo kuti alandire katiriji ya chifefe. Magazini, kabokosi ka pansi kamene kale kankanyamula zipolopolo 10, kanali kotsekedwa mkati, kongokhalapo kuti mfuti isaoneke yopanda mimba. N'chifukwa chake tili ana tinkamva kulira kamodzi kokha: atsibweni ankalowetsa katiriji imodzi ndi dzanja, ndipo pamene ankafuna kulowetsa yachiwiri anyani anali atafika kale pamwamba pa thanthwe. Chimene chinandiseketsa ndi choyezera mtunda cha pamwamba pa paipi, chimene anachisiya monga chinalili. Manambala ake amakwera mpaka mayadi 2,000, pa mfuti imene machaka ake akapitirira mayadi 30 nkhanga imangokung'untha nthenga n'kumapita.

Kuboola kotere kunachitika m'malo awiri odziwika. Ku Ishapore, boma la India ya atsamunda linasandutsa mfuti zambiri zotere kukhala za .410 zowombera kamodzi, za apolisi ndi alonda a ndende, anthu amene linkafuna kuti aope koma osawapatsa chida chofika kutali. Zimenezo zimadziwika ndi zilembo R.F.I. ndi chaka kumanzere kwa chitsulo chija cha chisoti, ndiponso kamtengo kotseka malo a magazini. Kumanzere kwa yathu kunalibe zimenezo. Chimene tinapeza pa paipi ndi .410 ndi chisoti china chaching'ono chokhala ndi zilembo BNP. Ichi a Sajeni anavomera kuti si cha usilikali, ndipo tinachita kuchitsimikiza ndi zithunzi pa foni ya mwana wanga. Ndi chidindo cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham. Ku Britain mfuti siigulitsidwa isanayesedwe ndi katiriji yamphamvu kuposa ya masiku onse, kuti ngati ili yophulika iphulikire komweko, ndipo ikasinthidwa paipi imayesedwanso. Chidindo cha BNP chinayamba kugwira ntchito chapakati pa zaka za m'ma 1950.

Apa mpamene nkhani ya Burma inathera. Pamene mfuti yathu inkadindidwa ku Birmingham, agogo anali atatha kale zaka pafupifupi khumi akulima mtedza kuno ku Mvera.

Chifukwa chimene amalonda a ku England ankawonongera dala mfuti yabwino n'chosavuta kumva. Nkhondo itatha, ndiponso asilikali atasamukira ku mfuti zatsopano za 7.62 m'zaka za m'ma 1950, ma Lee-Enfield anangoti mbwee, otsika mtengo. Koma kuyambira 1920 munthu wofuna mfuti ya tingalande ku Britain ankayenera kupeza chiphaso cha apolisi, pamene chifefe chinkagulidwa popanda chiphaso chotero mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kuchotsa tingalande kunali kutsegula msika. Kwina anachita mosiyana. Ku South Africa, kumene alimi ankafuna mfuti yofika kutali yophera nyama za m'chigwa, Ben Musgrave anapanga chipolopolo cha 6mm Musgrave kuchokera ku chikhokho cha 303, ndipo ma Lee-Enfield ambiri anaikidwa mapaipi ake.

Ndikaganiza za kusiyana kumeneku ndimaona kuti tingalande ta m'paipi tinali nkhani ya ndale kuyambira kale. Pangano la ku Brussels la 1890, limene linkati likuthetsa malonda a akapolo, linaletsa kugulitsa kwa anthu akuda a chigawo chachikulu cha Africa mfuti za tingalande, n'kungolola zosalala mkati zothira wonga kukamwa, makolo ake a gogodela. Mfuti yolunjika inali ya boma ndi ya mzungu. Munthu wakuda ankaigwira pokhapokha atavala yunifolomu ya mfumu ya ku England, ndipo akavula yunifolomuyo ankaibweza. Agogo anadaliridwa ndi 303 m'nkhalango za Burma. Mwana wawo, pofuna kuteteza chimanga chake chomwe, anapeza mfuti yomweyo itachotsedwa tingalande. Sindikunena kuti kukanakhala bwino mudzi uliwonse ukanadzaza ndi ma 303. Amene anaona ma AK-47 akulowa m'dziko muno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ndi umbava umene unatsatira, sangalakelake zotero. Ndikungoti amene ankasankha woyenera kulunjika ndi wosayenera sanali ife.

Msuweni wanga wina, atamva kuti mfutiyo inali 303 poyamba, anabwera ndi nzeru. Anati akudziwa mmisiri wowotcherera amene angaibwezere mwakale, ndipo ngati si choncho tingoyesa kulowetsamo chipolopolo cha 303 tione. A Sajeni anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, muli ndi maso angati?"

"Awiri."

"Asungeni. Chimene chalembedwa pa paipi ndicho chimalowa m'paipi. Wokonza mfuti ndi amene ali ndi chilolezo cha boma, osati wa mageti ndi mawindo. Ndaonapo anthu a gogodela opanda zala, ndipo onsewo anali ndi mnzawo wodziwa kuwotcherera."

Anawonjezanso kuti pali mfuti zina zakale zodindidwa DP, zimene asilikali anaziweruza kuti n'zongophunzirira perete, zosayenera kuwombedwa konse. Munthu wosawerenga zidindo akhoza kuigula, kuipukuta bwino, n'kuiika pa tsaya lake.

Chovuta chinali kukawauza amayi. Ndinazengereza, chifukwa munthu wa zaka zawo ukamuchotsera nkhani ya bambo ake umakhala wamulanda chinthu chenicheni. Ndinawapeza akusola mtedza, ndipo ndinafotokoza pang'onopang'ono za chisoti, timivi ndi BNP. Anamvetsera osasiya ntchito.

"Ndiye inu mukuti abambo ankanama?"

"Iyayi amayi, ine ndikungonena zimene zalembedwa pa chitsulo."

"Abambo sananenepo kuti anabwera nayo. Ndani anakuuzani zimenezo?"

Ndinasowa choyankha, chifukwa palibe munthu mmodzi amene anandiuza. Tonse tinkangodziwa. Ndipo amayi anafotokoza zimene anaona ndi maso awo ali mtsikana. Achimwene awo anagula mfutiyo kwa bwana wa pa esiteti imene ankagwirako ukapitawo, nabwera nayo madzulo anthu ali pabwalo. Agogo, amene nkhani za nkhondo sankazikamba, anaitanitsa. Ataigwira anaimirira mowongoka, naikoka n'kuibweza kangapo mofulumira osayang'ana, chala chikudziwa chokha pokhudza, naiika paphewa, naitsitsa. Kenako anaibweza kwa mwana wawo nati, "Ndi yomweyo." Analowa m'nyumba ndipo tsiku limenelo nsima sanadye. Ana amene anali pabwalopo anamva mawu awiriwo, nawanyamula monga anawamvera.

Agogo sananame. Asilikali a Keyala ankanyamuladi ma Lee-Enfield, ndipo kulemera kwake, kakokedwe kake ndi fungo la mafuta ake zinali zomwezo. Chitsulonso sichinaname, koma chimalemba mafakitale, zaka ndi maboma okha. Sichilemba phewa limene chinagundapo. Msilikali amene anaitenga mu 1917 ndi amene anaitenga ndi paipi yatsopano mu 1942 sanasiyepo dzina. Pa anthu onse amene anaigwira, amene tingathe kumutchula ndi kumufotokoza mmene anaimirira ndi uja yekha amene siinali yake. Ine ndimaona kuti nkhani ya amayi ndi yolemera kuposa ija tinkaikonda. Ya Burma inkatipatsa ngwazi yobwera ndi chida chake. Iyi ikutipatsa munthu wokalamba amene manja ake anakumbukira zimene pakamwa pake panakana kunena kwa zaka zonsezo.

Sabata yotsatira ndinapita kupolisi ndi mapepala a malemu, ndipo mfutiyo akuisunga komweko kudikira kuti chiphaso cha dzina langa chituluke. Pa fomu ndinalemba zimene ndinaona ndi maso anga: B.S.A., 1917, .410, ndi nambala ya pa thupi. Chaka chino ku chilindo kunapita anyamata ndi agalu ndi zitini zogogoda, ndipo anyani, amene sachedwa kudziwa kuti pakhomo pasintha, anadya mizere ya m'mphepete yonse.

A Sajeni anakana ndalama. Anati malipiro awo ndi nkhanga yoyamba imene ndidzaphe, ndipo anandikumbutsa kuti kusaka mbalame nakonso kuli ndi laisensi yakeyake. Tikakumana pa msika amakuwa ali patali, "Aphunzitsi, nkhanga yanga ija?" Mwezi watha ndinawatumizira yoweta, yonona bwino, kuti nkhaniyi ithe. Anailandira, anadya, natumiza mwana kudzanena kuti ndiwo zinakoma koma ngongole ikadalipo.